Musafufute chosungira mafayilo chakale musanatsegule zimene zafika m'chatsopano

Akonzi,

Ndiloleni kadanga m'nyuzipepala yanu kuti ndifotokoze zimene ndakumana nazo m'miyezi yapitayi pamene ndinkasamutsa zithunzi, makalata ndi mawu ojambulidwa a banja lathu kuchoka m'chipangizo chakale chosungira mafayilo kupita m'chatsopano. Ndikudziwa kuti ena mwa awerengi anena kuti nkhani yotereyi ndi ya anthu ochepa a m'tauni, koma ndikaona kuchuluka kwa ojambula zithunzi za maukwati ndi zinkhoswe, makwaya amene akujambula nyimbo zawo, aphunzitsi amene amasunga mayeso akale, ndi mabanja amene makalata awo a malo anawajambula n'kuwasunga pakompyuta, ndikuona kuti vuto limene ndinakumana naloli likudikira anthu ambiri kuposa mmene tikuganizira.

Chipangizo chimene ndikunenachi amachitcha NAS. Ndi kabokosi kamene mumalowetsamo mahadi disiki awiri, anayi kapena oposerapo, n'kukalumikiza ndi waya ku rauta ya m'nyumba, kotero kuti foni, laputopu ngakhalenso wailesi ya kanema zimatha kutsegula ndi kusunga mafayilo pamalo amodzi popanda kudutsa pa intaneti ndiponso popanda kudya bandulo. Makampani odziwika kwambiri popanga zipangizozi ndi Synology ndi QNAP, onse a ku Taiwan, ngakhale alipo anthu amene amadzipangira okha pogwiritsa ntchito kompyuta yakale ndi pulogalamu yaulere monga TrueNAS. Changa choyamba ndinachipeza mu 2016. Chinali cholowa madisiki awiri, ndipo ndinaikamo awiri a materabayiti 4 iliyonse, n'kuwakonza m'njira yotchedwa RAID 1, imene chilichonse cholembedwa pa disiki imodzi chimalembedwanso pa inzake nthawi yomweyo. Kwa zaka zoposa 8 kabokosiko kanagwira ntchito pakona ya chipinda chochezera popanda kudandaula, ndipo ine ndinafika poiwala kuti m'kati mwa disiki muli zitsulo zozungulira usana ndi usiku, zimene zimatha ngati mmene limathera tayala la njinga.

Zifukwa zondikakamiza kusintha zinabwera nthawi imodzi. Malo anali atatsala pang'ono kutha, pakuti disiki imene pabokosi pake analembapo materabayiti 4 kompyuta imaiwerenga ngati 3.6 basi, chifukwa opanga amawerenga m'magulu a 1,000 pamene kompyuta imawerenga m'magulu a 1,024, ndipo mavidiyo a mafoni a masiku ano amadya malo mosaneneka. Kenako chipangizocho chinayamba kulira mochenjeza usiku, ndipo nditatsegula tsamba lake loyang'anira ndinapeza kuti disiki imodzi ikunena, kudzera m'njira yodziyeza yokha yotchedwa SMART, kuti zigawo zake zina zawonongeka, chiwerengero cha zowonongekazo chikukwera sabata iliyonse. Panalinso china chimene ndinachichepetsa poyamba, chakuti chipangizocho chinali chitakalamba moti sichinkalandiranso mapulogalamu atsopano otseka mipata imene akuba a pa intaneti amalowerapo. Kugula chatsopano sikunali kophweka. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo mwadzaoneni, ndipo ndinadikira miyezi yambiri mpaka mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anandibweretsera bokosi lolowa madisiki anayi, lopanda kanthu m'kati. Madisiki ndinagula padera awiri okha, a materabayiti 8, malo ena awiriwo n'kuwasiyira mtsogolo.

Pa madisiki pomwepa ndiime pang'ono, chifukwa ogulitsa ambiri amangokuuzani kukula kwake ndi mtengo, osakuuzani mmene disikiyo imalembera. Ina, yotchedwa CMR, imalemba m'mizere yoyandikana koma yosakhudzana, pamene ina, yotchedwa SMR, imasanjikiza mizere ngati mmene timafolera denga, wina kuphimba m'mphepete mwa unzake, n'cholinga choti pamalo ochepa palowe zambiri. Vuto la SMR n'lakuti pofuna kusintha mzere umodzi disikiyo imakakamizika kulembanso mizere yoyandikana nawo, ndipo ikapatsidwa ntchito yolemba kwa maola ambiri mosalekeza, monga zimakhalira posamutsa mafayilo kapena pomanganso RAID disiki ina ikafa, imayamba kuchedwa kwambiri moti nthawi zina chipangizo chimaiyesa yakufa n'kuikana. Mu 2020 zinadziwika kuti madisiki ena a Western Digital a mtundu wa WD Red, a materabayiti 2 mpaka 6, amene ankagulitsidwa kuti ndi oyenera NAS, anali a SMR popanda ogula kuuzidwa, ndipo anthu atadandaula kampaniyo inatulutsa dzina la WD Red Plus kuti lizisonyeza a CMR. Choncho wogula afunse nambala yeniyeni ya disiki n'kuifufuza asanapereke ndalama. Akafika nayo kunyumba, asanaikemo kanthu, aone mu SMART maola amene disikiyo yagwirapo ntchito, pakuti yatsopano siyenera kusonyeza maola zikwizikwi, ndipo za chikomekome cha mkuyu tonse timazidziwa.

Njira zosamutsira zilipo zingapo. Yachidule ndi yozula madisiki m'bokosi lakale n'kuwalowetsa m'latsopano, koma imagwira pokhapokha mabokosi onse awiri ali a kampani imodzi ndipo mitundu yawo ikugwirizana, ndiponso ikutanthauza kuti mwamanga nyumba yatsopano ndi mitengo yomwe ija yofumbwa. Kwa ine, wokhala ndi disiki imene inali itayamba kale kudwala, njirayi inali yoopsa, chifukwa chinthu chikalakwika pakati pa ulendo palibe kobwerera. Komanso kasanjidwe ka mafayilo ka m'madisiki akalewo, kotchedwa ext4, kakanatsalira momwemo, pamene ine ndinkafuna kena kotchedwa Btrfs pa chifukwa chimene ndichifotokoze kutsogoloku. Ndinasankha njira yaitali, yoyatsa mabokosi onse awiri, kukonza latsopanolo ndi madisiki ake atsopano, n'kukopera zonse, lakalelo osalisintha kanthu.

Apa m'pamene ndinalakwitsa koyamba, ndipo safunsa anadya phula. Ndinatsegula mabokosi onse awiri pa laputopu, imene inali yolumikizidwa pa Wi-Fi, n'kukoka mafoda onse kuchoka kumanzere kupita kumanja, ine n'kukagona ndili wokhutira. Sindinaganize kuti mwa njira imeneyi fayilo iliyonse imayenda maulendo awiri m'mlengalenga, kuchoka m'bokosi lakale kubwera pa laputopu, kenako kuchoka pa laputopu kupita m'bokosi latsopano, ndiponso kuti laputopuyo ikangogona kapena Wi-Fi ikaduka kamphindi, ntchito yonse imaima. Usiku womwewo magetsi anazima. M'mawa ndinapeza mafoda akuoneka kuti afika, mayina ake atandandalikana bwino, koma ena anali opanda kanthu m'kati, ena anali ndi theka, ndipo vidiyo ya chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wanga inali ndi dzina lake bwinobwino koma inkathera panjira, ankhoswe asanayambe n'kulankhula komwe. Kuduka kwa ntchitoyo sikunandiopse kwambiri ngati mmene kunandiopsera kuona kuti diso silingathe kusiyanitsa foda yathunthu ndi yoperewera, moti ndikanakhala waphuma ndikanafufuta bokosi lakale tsiku lomwelo n'kulipezera wogula.

Za magetsi palibe Mmalawi wofunika kumufotokozera, makamaka amene akukumbukira miyezi yotsatira namondwe wa Ana mu Januwale 2022, pamene damu la Kapichira linawonongeka dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti NAS ikazima mwadzidzidzi ili pakati polemba, ikhoza kusiya madisiki ake osagwirizana, ndipo ikayaka imatha maola ambiri ikuwayerekeza, zimene zimatopetsa disiki yodwala kale. Ndisanayambirenso ndinagula UPS, batire lija lodikirira magetsi akazima. Yaing'ono imakwanira, pakuti NAS ya madisiki awiri imadya mawati 20 kapena 30 chabe, koma chofunika kwambiri ndi kawaya ka USB kochoka pa UPS kupita pa NAS, kamene kamauza bokosilo kuti magetsi apita kuti lidzitseke lokha mwadongosolo batire lisanathe. Popanda kawaya kameneka UPS imangochedwetsa ngozi ndi mphindi zochepa. M'nyengo ya mvula, ziphaliwali zikayamba, ine ndimazimitsabe zonse n'kuzula mawaya kukhoma, chifukwa sindinaonepo batire laling'ono limene lingalimbane ndi mphenzi.

Pa ulendo wachiwiri ndinamvera mphwanga amene amagwira ntchito za makompyuta, amene anati laputopu ichoke pakati, mabokosi awiriwo azitumizirana okha kudzera pa waya. Titalumikiza tinaona kuti liwiro silikupitirira mamegabayiti 11 pa sekondi, ndipo titafufuza tinapeza kuti mapoti a kumbuyo kwa rauta yanga yakale anali a mamegabiti 100 basi. Kusiyana kwa biti ndi bayiti kumasokoneza ambiri. Mabiti 8 ndiwo amapanga bayiti imodzi, choncho poti ya mamegabiti 100 imanyamula mamegabayiti 11 kapena 12 pa sekondi, pamene ya gigabiti imodzi imanyamula pafupifupi 110. Mafayilo anga anali okwana materabayiti 3, ndipo pa liwiro loyambalo ntchitoyo ikanatenga masiku oposa atatu usana ndi usiku, pamene pa gigabiti ikanatenga maola pafupifupi 8 zonse zikamayenda bwino. Tinagula kachipangizo kogawa netiweki kotchedwa switch, ka gigabiti, ndi mawaya awiri a mtundu wa Cat5e, pakuti waya wakale wokhala ndi timawaya 4 tokha m'kati m'malo mwa 8 nayenso amagwetsa liwiro kufika pa 100. Ngakhale zinali choncho maola 8 aja sanakwane, chifukwa mavidiyo akuluakulu amathamanga, koma tizithunzi ting'onoting'ono zikwizikwi timayenda mokwawa, fayilo iliyonse ikufuna kutsegulidwa, kulembedwa ndi kutsekedwa payokha. Ntchitoyo inatitengera mausiku awiri.

Pulogalamu imene tinagwiritsa ntchito ndi rsync, yakalekale, ya mu 1996, imene imapezeka m'zipangizo zambiri za NAS. Ubwino wake ndi wakuti ikadukizidwa, poyambiranso imayerekeza mbali ziwirizo n'kungotumiza zimene zikusowa kapena zasintha, ndiponso ikauzidwa imasunga tsiku limene fayilo inasinthidwa komaliza. Nkhani ya masikuyi ndi yaikulu kuposa mmene imamvekera. Zithunzi zojambulidwa ndi kamera zimanyamula tsiku lake m'kati mwake, koma zimene zinatumizidwa pa WhatsApp monga zithunzi wamba zimafika zilibe chidziwitso chimenecho, ndipo ngati munazisintha mayina, monga ndinachitira ine, tsiku la fayilo ndilo umboni wokha wotsala wa nthawi imene munazilandira. Njira zina zokopera zimalemba tsiku la lero pa chilichonse, ndipo zikatero zithunzi za maliro a 2017 ndi za ubatizo wa 2022 zimakhala mulu umodzi wosadziwika mutu wake. Mayina nawo anandivutitsa pang'ono chifukwa cha chizolowezi changa. Mafayilo ochepa amene ndinawatcha mayina okhala ndi chilembo cha ŵ, monga m'mawu akuti Malaŵi, anaoneka ndi zizindikiro zachilendo m'malo mwa chilembocho, ndipo ena ndinali nditawakwirira m'foda ya m'kati mwa foda ya m'kati mwa foda ina, iliyonse ndi dzina lalitali ngati chiganizo, osadziwa kuti mapulogalamu ambiri a pa Windows amavutika njira yofikira pa fayilo ikapitirira zilembo 260.

Kukopera kutatha, mphwangayo anakana kuti tisangalale. Anati kuyerekeza chiwerengero cha mafayilo ndi kukula kwake mbali zonse ziwiri ndi chiyambi chabe, ndipo tinayendetsanso rsync m'njira imene imawerenga fayilo iliyonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto, uku ndi uku, n'kuwerengetsera nambala yapadera yotchedwa checksum, imene imasintha ngakhale kachidutswa kamodzi kokha ka fayilo kakasintha. Zimenezi zinadya tsiku lina lathunthu, ndipo pamapeto pake zonse zinagwirizana. Ine ndinati basi zatha. Iye anati nambalazo zangotiuza kuti chimene chili m'bokosi latsopano n'chofanana ndi chimene chili m'lakale, sizinatiuze kuti chimene chili m'lakalemo n'chabwino, ndipo anandipatsa ntchito yotsegula ndi maso anga mafayilo angapo a chaka chilichonse.

Ndinaichita monyinyirika ntchitoyi, koma ndiyo yandichititsa kulemba kalatayi. M'foda ya 2018 ndinapeza zithunzi zimene kumtunda kwake kunali bwino koma kumunsi kunali kotuwa, nkhope za anthu zitadulidwa pakati. M'foda ina munali mawu a malemu mayi anga, amene ndinawajambula akusimba mmene makolo awo anasamukira kuchoka ku Ntcheu ndi mayina a azigogo amene ife sitinawaone, ndipo fayiloyo inkalira bwino kwa mphindi zochepa kenako n'kusanduka phokoso. Nditabwerera m'bokosi lakale ndinapeza kuti momwemonso zinali choncho, pa madisiki onse awiri. Mafayilowa anawonongeka kalekale, mwina tsiku lina magetsi atazima ndili mkati mowakopera kuchoka pa memore khadi, ndipo RAID 1 inachita mokhulupirika ntchito imene inapatsidwa, yolemba pa disiki yachiwiri chilichonse chimene chalembedwa pa yoyamba, chabwino ndi choipa chomwe. Kwa zaka zonsezi ndinkauza anzanga monyada kuti ndili ndi makope awiri a chilichonse, pamene kwenikweni ndinali ndi kope limodzi lokhala m'madisiki awiri. RAID imateteza ku chinthu chimodzi, disiki kufa. Mwana akafufuta foda molakwitsa imafufutika mbali zonse, vayirasi ikatseka mafayilo imatseka mbali zonse, ndipo wakuba akalowa amanyamula bokosi lonse. Amene anasungapo chimanga akudziwa kuti nkhokwe imaoneka yodzadza mukaisuzumira pamwamba pamene nankafumbwe anayamba kale m'kati, ndipo mumadziwa tsiku lopita kuchigayo.

Mawu a mayi ndinawapeza athunthu m'foni yakale imene inali m'kabati, galasi lake litasweka, imene ndinkafuna kuitaya chaka chatha. Zina mwa zithunzi zinapezeka pa laputopu ya mchemwali wanga. Zina sizinapezeke, ndipo sizidzapezekanso.

Ichi n'chifukwa chake ndinkafuna Btrfs. Kasanjidwe kameneka kamasunga checksum ya kachidutswa kalikonse kamene kalembedwa, ndipo mukhoza kuuza chipangizo kuti mwezi uliwonse chiziwerenga zonse n'kuyerekeza, kuti kachidutswa kakawola mwakachetechete pa disiki imodzi kazindikirike ndi kukonzedwa kuchokera pa inzake. M'zipangizo za Synology, mwachitsanzo, chitetezo chimenechi chimasankhidwa pa nthawi yopanga foda yaikulu yogawana, ndipo simungachiwonjezere pambuyo pake, choncho ndi bwino kuchiganizira musanayambe kukopera. Ndinene moona kuti zimenezi sizichiza fayilo imene yalowa ili yowonongeka kale, ndiye kutsegula ndi maso sikungalowedwe m'malo. Btrfs imalolanso kusunga chithunzithunzi cha mmene mafoda analili pa ola lakutilakuti, chimene amachitcha snapshot, kotero kuti foda ikafufutidwa Lachiwiri mukhoza kubwerera ku mmene inalili Lolemba. Ine ndinakonza kuti zimenezi zizichitika usiku uliwonse ndi kusungidwa kwa mwezi.

Zotsatira zinali zing'onozing'ono koma zokwiyitsa. Maakaunti a anthu a m'nyumba sasamuka ndi mafayilo, choncho akazi anga anapeza foda yawo ya maoda a makeke ikuwakana mpaka nditawapangira akaunti yatsopano ndi kuwapatsanso chilolezo. Makina akale ojambulira mapepala, amene ankatumiza makalata molunjika m'bokosi lakale, analephera kuona latsopano chifukwa amangodziwa njira yakale yogawanirana mafayilo yotchedwa SMB1, imene zipangizo zatsopano zimabwera itatsekedwa. Kuitsegula n'kosavuta, ndipo ndinayesedwa, koma mpata wa mu SMB1 ndi umene vayirasi ya WannaCry inadutsira mu Meyi 2017 pamene inagwira makompyuta m'maiko ambiri n'kusokoneza zipatala za boma ku Britain. Ndinasankha kumanyamula mapepala ojambulidwawo pa fulashi.

Mfundo yomweyi ikukhudzanso chilakolako chofuna kuona mafayilo a kunyumba uli kuntchito kapena kumudzi. Zipangizo zatsopano zimakunyengererani kuti muzitsegulire khomo la pa intaneti, ndipo zina zimatha kudzitsegulira zokha pa rauta kudzera m'njira yotchedwa UPnP. Mu Juni 2021 eni ake a zipangizo za WD My Book Live, zimene zinalandira pulogalamu yatsopano komaliza mu 2015, anadzuka n'kupeza kuti anthu osadziwika afufuta zonse kudzera pa intaneti. Mu Januwale 2022 vayirasi yotchedwa DeadBolt inatseka mafayilo m'zipangizo zambiri za QNAP zimene zinali zoonekera pa intaneti, n'kumafuna dipo la 0.03 ya bitcoin, ndalama ya pa intaneti, kwa aliyense. Amene akuganiza kuti zotere sizingafike kwathu kuno akumbukire kuti mu Febuluwale 2024 mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira ziphaso zoyendera agwidwa ndi anthu ofuna dipo. Akuba amenewa sasankha nyumba, amangoyendetsa mapulogalamu ogogoda pa khomo lililonse limene lili pa intaneti. Ine ndinatseka UPnP pa rauta, ndinazimitsa akaunti yobwera nayo yotchedwa admin n'kupanga ina ya dzina lina ndi pasiwedi yaitali, ndipo ndinalola chipangizocho kuti chizilandira chokha mapulogalamu a chitetezo.

Akatswiri ali ndi lamulo limene amalitcha 3-2-1, lakuti chinthu chofunika chikhale ndi makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, kope limodzi likhale kutali ndi nyumba. Kale ndinkaliona ngati la makampani. Ndinasintha maganizo nditaona zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023, pamene matope ochokera m'phiri la Soche anakokolola nyumba zathunthu ku Chilobwe. Amene anataya abale awo kumeneko anataya zoposa chilichonse chimene ndikulemba pano, ndipo sindikufuna kuyerekeza, koma opulumuka ambiri anatsalanso opanda masetifiketi, makalata a malo ngakhale chithunzi chimodzi cha amene anawataya. Zosungira ziwiri zokhala m'chipinda chimodzi zimapita pamodzi. Kukweza materabayiti 3 pa intaneti kuti akasungidwe kunja, ndi mitengo ya mabandulo ndi liwiro lotumizira limene ambiri tili nalo, n'kosatheka kwa munthu ngati ine, choncho ndinachita monga ankachitira agogo, amene chimanga chodya ankaika m'nkhokwe koma cha mbewu ankasankha ngala zabwino n'kuzipachika padera pamwamba pa moto. Ndinasankha zosabwezereka, makalata, masetifiketi, mawu a mayi ndi zithunzi zosankhika, zokwana magigabayiti osakwana 50, ndipo zimenezo ndizo zimakwera pa intaneti zili zokhomedwa ndi pasiwedi. Mafilimu ndi nyimbo zimene ndingathe kuzipezanso sindikuziwonongera bandulo.

Tsono za bokosi lakale. Anthu awiri anandifunsa kale kuti ndiwagulitse, ndipo ndalamayo ndikanaifuna, koma ndinalisiya lozimitsa, mafayilo ake ali momwemo, kwa miyezi itatu, ndipo m'nthawi imeneyo ndinabwereramo kawiri kukatenga zinthu zimene sindinkadziwa kuti zinatsala, kuphatikizapo foda yobisika imene pulogalamu ina inkasungiramo manotsi a akazi anga. Amene afika poti agulitse adziwe kuti kufufuta mafayilo kapena kufomata mwachangu sikuchotsa kanthu pa hadi disiki, kumangochotsa mndandanda wosonyeza pamene zinthu zili, ndipo mnyamata aliyense wodziwa makompyuta akhoza kuzibweza ndi pulogalamu yaulere. Disiki iyenera kulembedwa ponseponse kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ntchito ya maola ambiri, ndipo yodwala imene singathe kupirira zimenezo ndi bwino kuiboola kapena kuiphwanya. Kwa ojambula maukwati, eni masukulu aang'ono ndi ena osunga zithunzi ndi zitupa za anthu ena, nkhaniyi si ya ulemu wokha, pakuti kuyambira mu 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makompyuta.

Pempho langa kwa ogulitsa zipangizozi m'mizinda yathu ndi lakuti azilemba poyera ngati disiki ili ya CMR kapena SMR, ngati ili yatsopano kapena yogwiritsidwapo kale ntchito, ndiponso asiye kuuza ogula kuti madisiki awiri m'bokosi limodzi ndiye kuti zonse zatetezeka. Kwa inu akonzi, ndikupempha kuti nkhani zotere muzizipatsa malo m'Chichewa, chifukwa malangizo ambiri amene alipo analembedwera anthu a kumene magetsi sazimazima ndipo disiki ikafa ina imafika pakhomo mawa lake.

Bokosi langa lakale sindinaligulitse. Disiki yodwalayo ndinaichotsa n'kuiboola, yotsalayo ndinaifufuta n'kuikamo kope latsopano la zinthu zofunika, ndipo tsopano bokosilo, disikiyo ili momwemo, lili kwa mchemwali wanga ku Lilongwe, m'kabati, lokulungidwa m'pulasitiki kuopa fumbi ndi chinyezi. Tinagwirizana kuti ndikamapita kumeneko pa tchuthi cha Disembala ndizinyamula zatsopano za chaka chimenecho, kuliyatsa, kuwonjezera, ndi kutsegula mafayilo angapo a chaka chilichonse ndisanalizimitse.

Ndine wowerenga wanu,
Chirimba, Blantyre